Mfuti ya mpope waufupi ku America: kalembera akhalepo, koma chilango chikuposa mlandu

Msilikali wa dziko la America amanyamula mfuti ya M4 yomwe mpope wake ndi wotalika mainchi 14.5. Munthu wamba akapezeka ndi raifolo ya mpope womwewo alibe pepala la boma, woweruza ali ndi mphamvu yomupatsa zaka 10 za kundende. Koma akawotcherera kachitsulo kukamwa kwa mpopewo kuti utalike ukwane mainchi 16, mlandu palibe, ngakhale kuti chipolopolo chikutuluka ndi liwiro lomwe lija. Pa inchi imodzi ndi theka imeneyi m'pamene pagona nkhani ya mfuti zimene kumeneko amazitcha SBR, kutanthauza raifolo ya mpope waufupi.

Maganizo anga ndi akuti kalembera wa mfuti zimenezi ndi wofunika ndipo asathetsedwe. Nyumba ya malamulo inachita bwino kuchotsa msonkho umene unkayenda naye. Chomwe chatsala chokhota n'chakuti lamuloli limamutenga munthu wolakwitsa muyeso kapena pepala ngati chigawenga, ndipo silimupatsa khomo loti akonzere cholakwacho. Kuti muone chifukwa chake ndikutero, tiyambe ndi lamulolo ndi mmene munthu amalitsatira.

Lamulo lake ndi National Firearms Act, mwachidule NFA, lomwe pulezidenti Franklin D. Roosevelt anasainira mu June 1934. Inali nthawi imene anthu anali atatopa ndi kuphana kwa magulu ogulitsa mowa mozemba, monga zomwe zinachitika ku Chicago pa 14 February 1929 pamene anthu asanu ndi awiri anawomberedwa nthawi imodzi. Mu February 1933, ku Miami, munthu wina anafuna kupha Roosevelt yemweyo ndi mfuti ya m'manja, ndipo meya wa Chicago, Anton Cermak, ndi amene anafa ndi mabala a tsiku limenelo. Choncho pamene mkulu wa zamalamulo m'boma, Homer Cummings, ankapititsa bilu ku Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, diso lake linali pa mfuti zachiwaya komanso mfuti za m'manja. Raifolo ndi mfuti za chifefe zofupikitsidwa zinalowamo pofuna kutseka mpata: munthu akaletsedwa pisitolo, asangotenga sowo n'kudula raifolo kuti ilowe m'jekete. Kenako pokambirana biluyo, mapisitolo anachotsedwamo. Chotsekera mpata chinatsala, koma chimene ankachiteteza chinapita. N'chifukwa chake lero pisitolo yobisika m'thumba la buluku imagulidwa pa kauntala tsiku lomwelo m'zigawo zambiri, pamene raifolo ya mpope wa mainchi 15, yomwe palibe thumba lingailandire, imafuna zidindo za zala ndi chilolezo cha boma lalikulu. Ngakhale nambala ya 16 ija siinachokere ku kafukufuku wa kuopsa kwa mfuti. Poyamba malire anali mainchi 18, ndipo anawatsitsa kufika pa 16 kwa raifolo zonse mu 1960. Kwa mfuti za chifefe adakali pa 18.

Mwalamulo, raifolo imakhala SBR ngati mpope wake sukwana mainchi 16, omwe ndi masentimita 40.64. Mfuti yopangidwa kuchokera ku raifolo imagwanso m'gulu lomweli ngati utali wake wonse sukwana mainchi 26, kapena kuti masentimita 66.04. Kayezedwe kake n'kamene kamapusitsa anthu ambiri. Mpope sayeza kunja ndi tepi. Mumaonetsetsa kuti mfuti ilibe chipolopolo, mumatseka chitsulo chotsekera chipolopolo kumbuyo, n'kulowetsa kandodo kowongoka kukamwa kwa mpope mpaka kakagunde nkhope ya chitsulo chija. Mumaika chizindikiro pa kandodoko pomwe mpope wathera, kenako mumayeza kandodoko. Kachitsulo kalikonse komangidwa ndi mazinga kukamwa kwa mpope sikawerengedwa ngati kangathe kumasuka. Kamawerengedwa pokhapokha kataikidwa kosachokanso: kuwotcherera kozungulira, kumata ndi siliva wosungunuka pa madigiri 1,100 Fahrenheit, omwe ndi pafupifupi 593 Celsius, kapena kubowola, kulowetsa pini ndi kuwotcherera pamwamba pa piniyo. Guluu wa mazinga, ngakhale wolimba bwanji, lamulo silimudziwa.

Pano pali mbuna imene ndimafuna aliyense aione bwino. Munthu amagula mpope wa 14.5, amagula kachitsulo kobisa moto kofala ka mtundu wa A2, kotalika pafupifupi inchi 1.75, n'kuwerengera kuti zakwana 16.25. Waiwala kuti kachitsuloko kamavala mpope pa mazinga, ndipo mazingawo amadya kupitirira pang'ono theka la inchi. Akalowetsa kandodo kaja amapeza kuti mpope waperewera pa 16 ndi kachidutswa kochepa kuposa chikhadabo. Mfutiyo ndi SBR yosalembetsa, ngakhale yawotcheredwa mwaluso. Ndicho chifukwa amagulitsa ma A2 otalikitsidwa, ndipo mmisiri wodziwa ntchito amayeza asanayatse moto, n'kusiya kampata pamwamba pa 16, osati kulinga pamzere penipeni.

Njira zokhalira ndi SBR mwalamulo zilipo ziwiri, ndipo zonse zimadutsa ku ATF, bungwe la boma lalikulu loyang'anira za mfuti, ku nthambi yake ya NFA yomwe ili ku Martinsburg, m'chigawo cha West Virginia. Ngati mukugula mfuti yopangidwa kale, fomu yake ndi Form 4. Wogulitsa ayenera kukhala ndi laisensi komanso wolipira msonkho wapadera wa ogulitsa zida za m'gulu limeneli. Mfuti ikakhala kuti ikuchokera kwa wogulitsa wa chigawo china, imayamba yabwera kwa wogulitsa wakwanuko pa Form 3. Mumalipira mtengo wonse, koma mfutiyo imagona m'sitolo mpaka ATF itavomereza. Tsiku lokatenga mumadzazanso Form 4473 monga amachitira wogula mfuti aliyense. Kwa wogulitsa wa laisensi simungaigule musanakwanitse zaka 21.

Njira inayo ndi Form 1, yopempha kupanga nokha, ndipo imatheka kuyambira zaka 18. Mawu akuti kupanga asakusokonezeni: kumanga mpope waufupi pa raifolo yanu, kapena kuika thako lotsamiritsa paphewa pa pisitolo, lamulo limakuona kuti mwapanga mfuti yatsopano. Pa fomuyo mumalemba dzina la kampani imene inapanga thunthu la mfuti, lija lokhala ndi nambala lomwe amalitcha receiver, mtundu wake, nambala yake, kukula kwa chipolopolo, utali wa mpope ndi utali wa mfuti yonse thako litatambasulidwa. Zimene zazokotedwa pa chitsulo muzikopere momwe zilili, chilembo ndi chilembo, kamzere ndi kamzere. Mafomu ambiri amabwezedwa pa zinthu zazing'ono ngati izi: munthu walemba dzina limene mfutiyo imadziwika nalo pa malonda m'malo mwa limene lili pa chitsulo, wasokoneza ziro ndi chilembo O pa nambala, kapena pa malo a kukula kwa chipolopolo walemba kuti multi, kutanthauza mitundu ingapo, chifukwa ndi zimene zili pa thunthu. ATF imafuna kukula kumodzi kotchulika, monga 5.56 mm kapena .300.

Pamodzi ndi fomu pamapita chithunzi cha nkhope cha mainchi 2 kwa 2, chonga cha pasipoti, chojambulidwa m'chaka chomwecho chisanathe, komanso zidindo za zala. Zidindozo mutha kuzitumiza pa makhadi awiri a FBI otchedwa FD-258, kapena ngati failo ya pa kompyuta ya EFT yomwe malo ojambula zala amakupatsani. Mukadzaza fomu pa intaneti kudzera pa eForms koma zidindo zili pa makhadi, muli ndi masiku 10 a ntchito oti mutumize makhadiwo pa positi pamodzi ndi kalata yapamwamba imene makinawo amakupatsani. Makhadi opita opanda kalatayo amavuta kuwalumikiza ndi pempho lanu, ndipo zidindo zofufutika chifukwa cha inki yambiri kapena chala chotsetsereka zimakanidwa. Failo ya EFT ndi yabwino chifukwa mukaipanga kamodzi mumaigwiritsanso ntchito pa mapempho ena. Zikatero FBI imafufuza mbiri yanu. Amene dzina lawo ndi lofala amachedwa pamenepa, chifukwa limafanana ndi la wina wa milandu, ndipo kulemba nambala ya Social Security, nambala yozindikiritsa munthu ku boma, ngakhale sikokakamiza, kumathandiza kusiyanitsa.

Kale munthu ankafunika siginecha ya mkulu wa apolisi wa dera lake, ndipo mkuluyo akangokana, ngakhale popanda chifukwa, nkhani inkathera pomwepo. Lamulo la ATF lotchedwa 41F, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 13 July 2016, linachotsa siginechayo n'kuikapo kungomutumizira kope lomudziwitsa. Kusintha kumeneku kunali koyenera, chifukwa ufulu wa munthu sungadalire mmene mkulu wina wadzukira. Mafomuwa amasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho gwiritsani ntchito amene ali pa tsamba la ATF tsiku limene mukupempha, ndipo malangizo ake muwawerenge mpaka kumapeto.

Tsono mfundo imene iposa zonse: chilolezo chiyambe, kumanga mfuti kubwere pambuyo. Kutumiza fomu si chilolezo. Kulandira uthenga woti fomu yafika si chilolezo. Chilolezo ndi fomu yobwerera kwa inu itavomerezedwa. Amene amamanga nyumba m'tauni pulani isanavomerezedwe nthawi zina amakapepesa ku khonsolo, n'kulipira chindapusa, zinthu n'kulongosoka. Ku ATF khomo limenelo kulibe. SBR imene yapangidwa kale popanda chilolezo munthu wamba sangailembetse, ndipo fomu yopempha kupanga chinthu chomwe chilipo kale sichotsa mlandu umene wachitika.

Ngakhale kusunga zipangizo kumafuna nzeru. Mu 1992 khoti lalikulu la dzikolo linaweruza mlandu wa United States v. Thompson/Center Arms. Kampaniyo inkagulitsa pisitolo ya Contender ya mpope wa mainchi 10 pamodzi ndi phukusi lokhala ndi thako ndi mpope wa mainchi 21. Boma linati popeza munthu angathe kumanga thakolo pa mpope waufupi, phukusilo ndi SBR. Khoti linakana, chifukwa zipangizozo zinali ndi ntchito yovomerezeka, yopanga raifolo yaitali. Koma chigamulo chomwecho chinanenanso kuti zipangizo zosonkhanitsidwa pamodzi zimene zilibe ntchito ina koma kupanga mfuti ya m'gulu loletsedwa zingawerengedwe kuti mfutiyo yapangidwa. Tanthauzo lake pa moyo wa tsiku ndi tsiku ndi lakuti ngati m'nyumba mwanu muli thunthu limodzi lokha la raifolo, lokhala ndi thako, ndipo pambali pake pali mpope wa mainchi 10.5 umene ulibe pena pomangika mwalamulo, mwadziika pangozi ngakhale simunalumikize. Gulani mpopewo chilolezo chitafika, kapena ukhale kwa wogulitsa. Dziwaninso kuti thunthu limene linayamba moyo wake ngati raifolo silingasanduke pisitolo mwa kungochotsa thako. Limene linayamba ngati pisitolo lingakhale raifolo yaitali n'kubwereranso, malinga ndi chigamulo cha ATF cha 2011-4.

Wopanga pa Form 1 ayeneranso kuzokota dzina lake, mzinda ndi chigawo kumene mfuti yapangidwira, pamalo ooneka. Kuya kwa zilembo kusachepere 0.003 ya inchi, pafupifupi mamilimita 0.08. Nambala ya mfuti isachepere gawo limodzi mwa magawo 16 a inchi kutalika kwake, koma ngati thunthu lili kale ndi nambala ya kufakitale mumagwiritsa ntchito yomweyo. Zokotani pa thunthu, chifukwa mipope imasinthidwa. Dzina likhale lofanana ndendende ndi la pa fomu. Ngati wopempha ndi trust, chikalata chalamulo chokhala mwini wa mfuti, dzina lozokota ndi la trust, lonse lathunthu, ndipo apa m'pamene amene anaipatsa dzina lalitali la mawu asanu ndi awiri amazindikira kuti pachitsulo palibe malo. Ambiri odziwa amazokotetsa thunthu lisanamangidwe mpope waufupi, ena ngakhale asanatumize fomu, kuti makina akaliwononga asataye chilolezo chomwe chamangirizidwa ku nambala imeneyo.

Za trust zija n'zofunika kuzimvetsa chifukwa zimakhudza banja. SBR yolembedwa m'dzina la munthu mmodzi ndi ya iye yekha kuisunga. Mnzake angawombere nayo mwini wake ali pomwepo, koma sangaibwereke kupita nayo. Mkazi kapena mwamuna amene akudziwa nambala ya sefa pamene mwini wake ali paulendo, lamulo lingamuone kuti mfutiyo ili m'manja mwake. Trust ndi chikalata chalamulo chimene chimakhala mwini wa mfuti, ndipo onse olembedwa ngati oyang'anira angaisunge. Mtengo wake ndi wakuti aliyense wa iwo amadzaza Form 5320.23, amapereka chithunzi ndi zidindo za zala pa pempho lililonse latsopano, ndipo mmodzi akachedwa pa kafukufuku wa FBI onse amadikira. Mwini akamwalira, mfuti imapita kwa wolowa chuma pa Form 5, popanda msonkho, koma naye amayenera kuvomerezedwa.

Chilolezo cha boma lalikulu sichiphwanya malamulo a chigawo. Ku New York, New Jersey, Hawaii ndi Rhode Island munthu wamba saloledwa kukhala ndi SBR, ku California n'zotsekedwa pafupifupi kwa onse, ndipo ATF sivomereza pempho lochokera kumene chigawo chikuletsa. Kwa abale athu amene akukhala ku America, palinso china: wokhala ndi green card angathe kupempha monga nzika, koma amene ali pa viza ya sukulu, ya ntchito kapena yochezera ndi woletsedwa kukhala ndi mfuti ina iliyonse pokhapokha atagwera m'zifukwa zochepa zimene lamulo latchula, monga kukhala ndi laisensi yosakira nyama. Mlandu wa mfuti kwa munthu wotere sumathera kundende kokha, umathanso kumuchotsetsa m'dzikomo.

Mukalandira fomu yovomerezedwa, isungeni ngati chikalata cha malo. Lamulo limafuna kuti muionetse kwa ofesala wa ATF akaifuna, ndipo n'chanzeru kukhala ndi kope m'chikwama cha mfuti ndi lina pa foni. Mukafuna kudutsa nayo malire a chigawo, kaya mukusamuka kaya mukupita ku mpikisano wa tsiku limodzi, mumayamba mwapempha pa Form 5320.20, ndipo chilolezo chimodzi chingakhale cha nthawi yofika chaka chimodzi kwa malo amene mwatchulawo.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikuti kalemberayu akhalepo, poti ndasonyeza kale kuti mzere wa mainchi 16 unabwera mwangozi ya ndale? Amene akufuna athe ali ndi mfundo zolimba, ndipo sindizinyoza. Ziwerengero za FBI za 2019 zikusonyeza kuti anthu 6,368 anaphedwa ndi mfuti za m'manja, pamene raifolo za mitundu yonse, zazitali ndi zazifupi, zinapha 364. Kufupikitsa mpope kumachepetsa liwiro la chipolopolo chifukwa wonga sumaliza kuchikankha. Raifolo yaifupi ndi yofooka kuposa yaitali. Zonsezi n'zoona. Koma kufooka kumeneko n'koyerekeza ndi raifolo inzake, osati ndi pisitolo. Chipolopolo cha 5.56 chotuluka mu mpope wa mainchi 10 chimathamangabe kuposa cha pisitolo wamba kutalitali, ndipo mfuti yotsamira paphewa imalunjika bwino kuposa yogwira m'manja mokha. Mphamvu ya raifolo ikalowa m'chikwama cha kumsana, chimenecho ndi chinthu china. Ku Dayton, m'chigawo cha Ohio, mu August 2019, anthu 9 anaphedwa m'kanthawi kosakwana mphindi imodzi, ndipo ku Boulder, Colorado, mu March 2021 anthu 10 anaphedwa m'sitolo. Konse kuwiri mfuti zake zinali za mpope waufupi za chipolopolo cha raifolo, zolembedwa ngati mapisitolo, zokhala ndi chogwirizira pamkono kumbuyo kwake. Boma limene likufuna kudziwa amene ali ndi chida chotere, ndi kumuona zala ndi mbiri yake kaye, silikupempha zopitirira muyeso. Ndipo kalembera amene kale ankatenga miyezi yambiri, nthawi zina pafupifupi chaka pa mafomu a pepala, pofika 2024 anayamba kutha m'masiku ochepa kwa ambiri opempha pa intaneti. Chodandaula cha kuchedwa chinachepa mphamvu.

Msonkho ndiye unalibe chifukwa chabwino. Madola 200 a mu 1934 ndi ndalama zoposa madola 4,000 a lero, ndipo anaikidwa dala kuti munthu wamba alephere. Sanakwezedwe kwa zaka 90, moti kukwera kwa mitengo kunawafooketsa, komabe kwa munthu wa malipiro ochepa anali chipupa, pamene kwa wolemera sanali kanthu. Msonkho wotere susiyanitsa woopsa ndi wabwino, umangosiyanitsa wosauka ndi wolemera. Lamulo limene pulezidenti Donald Trump anasainira pa 4 July 2025 linautsitsa kufika pa ziro kuyambira pa 1 January 2026 kwa SBR, mfuti za chifefe zazifupi, zipangizo zochepetsa phokoso la mfuti ndi gulu la zida zina zobisika lotchedwa AOW. Mfuti zachiwaya ndi zida zophulika zinatsala pa madola 200. Ambiri anamva nkhaniyi theka, n'kuganiza kuti kalembera naye watha. Lamulo limenelo linachotsa ndalama yokha. Fomu, zidindo, kudikira chilolezo ndi zaka 10 zija silinazikhudze.

Kuchotsa msonkho kwatsegula funso lalikulu. Mu 1937, pa mlandu wa Sonzinsky v. United States, khoti lalikulu linavomereza lamulo la 1934 chifukwa linali lamulo la msonkho, ndipo Congress ili ndi mphamvu yokhometsa msonkho. Kalembera ankaonedwa ngati njira yotolerera ndalamazo. Magulu a eni mfuti anathamangira ku makhoti a ku Texas ndi Missouri mu 2025 kukanena kuti popanda msonkho kalembera alibe poimira. Mfundo yawo si yachibwana. Aphungu amene amakhulupirira kalembera anayenera kumumanga poyera pa maziko ake enieni, omwe ndi chitetezo cha anthu ndi mphamvu yoyang'anira malonda a pakati pa zigawo, m'malo momusiya atapachikika pa msonkho wa ziro kuti oweruza akawamalizire ntchito.

Chimene chawononga kwambiri ulemu wa lamuloli ndi nkhani ya chogwirizira pamkono chotchedwa brace. Mu 2012 ATF inavomereza kachipangizo kamene kanapangidwa kuti msilikali wolumala athe kuwombera pisitolo yolemera ataimangirira pamkono, ndipo inati sikasandutsa pisitolo kukhala raifolo. Anthu anagula miyandamiyanda, ambiri n'kumakatsamiritsa paphewa. Mu 2015 ATF inalemba kuti kutsamiritsa paphewa ndi kupanga SBR. Mu 2017 inabwerera m'mbuyo. Pa 31 January 2023 inatulutsa lamulo loti mfuti zambiri zotere ndi SBR, n'kupereka masiku 120, mpaka pa 31 May, oti anthu alembetse popanda msonkho, achotse chogwiriziracho, aike mpope wautali kapena apereke mfutiyo. Mapempho amene anafika anali pafupifupi 255,000, kachigawo kochepa ka mfuti zimene zinali m'manja mwa anthu. Pa 13 June 2024 woweruza Reed O'Connor wa ku Texas anathetsa lamulolo pa mlandu wa Mock v. Garland. M'zaka 12, chinthu chimodzi chomwecho, chili phee m'kabati, chinakhala chololedwa, chokayikitsa, chololedwa, choletsedwa, n'kukhalanso chololedwa. Ine ndimaona kuti ATF inali ndi mfundo ponena kuti zogwirizira zambiri zinali mathako obisala. Koma mzere umene kuudumpha kumatengera munthu kundende uyenera kulembedwa ndi aphungu m'mawu omveka, osati kusinthidwa ndi makalata a ofesi boma lililonse likalowa.

Zoti zikonzedwe ndikuziona zitatu, ndipo sizifanana kulemera. Chaching'ono ndi Form 5320.20. Munthu amene boma lili ndi zala zake, chithunzi chake ndi nambala ya mfuti yake sayenera kupemphanso chilolezo kuti akawombere pa bwalo limene lili tsidya la malire a chigawo, makilomita 30 kuchokera kunyumba kwake. Zochepetsa phokoso, zomwe zili m'kaundula yemweyo, sizifuna chilolezo chimenechi. Kungodziwitsa posamuka n'kokwanira.

Chachiwiri ndi chilango. Zaka 10, chindapusa chimene chingafike madola 250,000, kulandidwa mfuti ndi kutaya ufulu wokhala ndi mfuti moyo wonse, n'zoyenera kwa amene wadula mfuti kuti akabere kapena kugulitsa kwa zigawenga. Lamulo limaika mu dengu lomwelo munthu wa A2 uja woperewera ndi chikhadabo. Ena amayankha kuti oimira boma pa milandu sathamangitsa anthu otere kawirikawiri, komanso kuti kuchokera pa mlandu wa Staples v. United States wa 1994 boma liyenera kusonyeza kuti munthu ankadziwa mmene mfuti yake inalili. Chitetezo chimenecho n'chochepa kwa amene anamanga mfuti ndi manja ake, ndipo chifundo cha woimira boma si lamulo. Kulakwitsa koyamba kwa munthu wopanda mbiri ya milandu, pa mfuti imene sinachite choipa chilichonse, kukhale kwa chindapusa.

Chachikulu ndi khomo lokonzera. Mu 1968 khoti lalikulu linaweruza pa mlandu wa Haynes v. United States kuti kukakamiza munthu kulembetsa mfuti imene ali nayo kale mosaloledwa ndi kumukakamiza kudzinenera mlandu. Congress inakonza lamulo chaka chomwecho, ndipo inapereka masiku 30, kuyambira pa 2 November, oti aliyense alembetse chimene anali nacho popanda kuimbidwa mlandu. Kuchokera pamenepo sipanakhalenso chikhululukiro chotsegukira onse. Zotsatira zake n'zakuti mayi wamasiye amene wapeza raifolo yodulidwa m'bokosi la malemu mwamuna wake alibe njira yoisungira mwalamulo momwe iliri. Chimene angachite ndi kupeza loya ndi kuitana ATF kuti idzaitenge. Ambiri amachita mantha, amaikankhira kudenga, ndipo mfuti imene kaundula anapangidwira kuti aidziwe imakhala kumene palibe akuidziwa. Ngati cholinga cha kalembera ndi kudziwa kumene zida zili ndi kuona mbiri ya amene akuzisunga, munthu wobwera yekha asanagwidwe apatsidwe masiku owerengeka oti adzaze fomu, apereke zala, mfuti ikhale kwa wogulitsa wa laisensi podikira yankho, ndipo akavomerezedwa aitenge. Mphamvu yopereka nthawi ya chikhululukiro yofika masiku 90 inalembedwa kale m'lamulo la 1968, ndipo boma lingathe kuigwiritsa ntchito popanda kudikira bilu yatsopano.